Mota ya Magetsi ndi Nzeru za "Pang'ono" ndi "Kwambiri"

 Nkhani yathu lero ndi yokhudza chipangizo chimene ambiri a ife timamva kulira kwake tsiku ndi tsiku koma osachiganizira, ndicho mota ya magetsi. Funso limene tikambirane ndi limodzi: kodi mota yotere tingailamule bwanji kuti izungulire pa liwiro limene ntchito ikufuna? Akatswiri apeza mayankho angapo a funsoli, ndipo ine ndasankhapo limodzi limene pa Chingerezi amalitcha fuzzy logic. Dzinali ndi lachilendo m'makutu mwathu, koma mukamvetsera kufikira kumapeto muona kuti maganizo ake ndi omwewo amene mmisiri aliyense waluso amagwirira ntchito yake.

Mamota a magetsi alipo a mitundu yambiri, koma umene wafala koposa ndi umene amisiri amautcha induction motor. Mota imeneyi ndiyo imatembenuza chigayo cha magetsi pamsika panu, ndiyo imayendetsa mapampu a madzi, macheka ochekera matabwa, ndi makina a m'mafakitale monga a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. M'chaka cha 2011 bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti pafupifupi magawo 45 mwa magawo 100 alionse a magetsi ogwiritsidwa ntchito pa dziko lonse amathera m'makina oyendetsedwa ndi mamota. Motero amene wapeza njira yoyendetsera mota mosawononga wapulumutsa magetsi ochuluka kuposa amene tingapulumutse pozimitsa mababu m'nyumba zathu.

Mota ya induction si yatsopano. Galileo Ferraris wa ku Italy ndi Nikola Tesla amene ankagwira ntchito ku America, aliyense payekha, anaulutsa maganizo ake m'chaka cha 1888. Chaka chotsatira, 1889, Mikhail Dolivo-Dobrovolsky wa kampani ya AEG ku Germany anapanga mota ya mawaya atatu imene kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi ka mamota amene tili nawo lero.

Kuti timvetse vuto la liwiro, tiyambe tasuzumira m'kati mwa motayo. Magetsi amene timalandira sayenda mbali imodzi monga madzi a mumtsinje. Amapita ndi kubwerera, ndipo kuno kwathu amatero ka 50 pa sekondi iliyonse. Kupita ndi kubwerera kumeneku tikutche kugunda kwa magetsi. Amisiri amati frequency, ndipo amakuyeza m'ma Hertz. Mota yaikulu imalandira magetsi pa mawaya atatu, ndipo mawaya atatuwa sagunda nthawi imodzi. Amalandizana monga amayi atatu osinja mu mtondo umodzi, munsi uwu ukatsika, winawo ukukwera. Kulandizana kumeneku kukachitika m'makoyilo a mkuwa amene anazingidwa m'mbali yosayenda ya mota, yotchedwa stator, kumabala mphamvu ya maginito imene imazungulira m'katimo ngakhale kuti palibe chitsulo chimene chasuntha.

Pakati pa makoyilowo pamakhala mbali yozungulira, yotchedwa rotor. Imeneyi ili ndi timipiringidzo ta aluminiyamu kapena ta mkuwa tolumikizidwa ndi mphete kumapeto konse kuwiri, ndipo palibe waya wochokera kunja amene amaikhudza. Mphamvu ya maginito ija ikamadutsa timipiringidzoto imadzutsa magetsi m'menemo, magetsiwo amabala maginito akeake, ndipo rotor imakokedwa n'kumalondola. Koma siingaipeze mphamvu imene ikuilondolayo. Itati iipeze, maginito angaleke kudutsa timipiringidzo, magetsi a m'menemo angathe, ndipo kukoka kungathenso. Choncho rotor imatsalira pang'ono nthawi zonse, ndipo katundu akalemera imatsalira koposerapo. Kuphweka kumeneku ndiko kunaipatsa mota imeneyi mbiri yake: ndi yolimba, yotsika mtengo, ndipo imapirira fumbi ndi ntchito yakalavulagaga.

Komabe ili ndi khalidwe limodzi louma mutu. Liwiro lake limamangika ku kugunda kwa magetsi ndi ku chiwerengero cha mitu ya maginito imene makoyilo ake amapanga. Pa magetsi athu a 50 Hertz, maginito a mota ya mitu 2 amazungulira ka 3,000 pa mphindi, a mitu 4 ka 1,500, ndipo a mitu 6 ka 1,000. Mukawerenga kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pa mota ya mitu 4, mupeza nambala monga 1,440 kapena 1,450. Kusiyanako ndiko kutsalira kuja. Kwa zaka zambiri munthu wofuna liwiro lina ankangosintha mapule ndi malamba, kapena kuika magiya.

Mwina wina afunsa kuti, nanga vuto lili pati mota ikamathamanga pa liwiro limodzi? Taganizirani pampu imene ikutumiza madzi kumunda wothirira. Nthawi zina madzi amafunika ambiri, nthawi zina ochepa. Ngati mota siingachepetse liwiro, mlimi amapana madziwo potseka pang'ono chotsekera cha pa paipi, mota ili chithamangire. Kutero kuli ngati dalaivala amene waponda moto mpaka pansi n'kumachepetsa liwiro ndi mabuleki. Pamene pampu ikungokankha madzi m'mapaipi popanda chitunda chachikulu, kapena pamene mota ikutembenuza chopemerera mphepo, mphamvu yofunika imatsika msanga kuposa liwiro. Mukachotsa gawo limodzi mwa magawo 5 a liwiro, magetsi ofunika amatsika kufika pafupifupi theka. Palinso vuto la poyambira. Mota yoyatsidwa mwadzidzidzi imakoka magetsi ochuluka ka 5 mpaka ka 7 kuposa amene imadya ikakhazikika, ndipo n'chifukwa chake mababu a m'nyumba zoyandikana ndi chigayo amaphethira chigayocho chikamalizidwa.

Yankho la mavuto awiriwa linabwera ndi chipangizo chimene chimasintha kugunda kwa magetsi. Ena amachitcha invata, ena amati drive. Chimalandira magetsi a 50 Hertz, kuwasandutsa oyenda mbali imodzi, kenaka n'kuwadula ndi kuwalumikiza kambirimbiri pa sekondi mpaka atulukemo magetsi a kugunda kulikonse kumene tafuna. Pa mota ya mitu 4, Hertz imodzi ndi kuzungulira ka 30 pa mphindi. Tikaipatsa 40 Hertz, maginito ake azungulira ka 1,200. Lamulo lakale ndi lakuti mavoti atsike pamodzi ndi kugunda: mota ya mavoti 400 pa 50 Hertz ilandire mavoti pafupifupi 200 pa 25 Hertz, kuti maginito ake asapyole muyeso. Pambuyo pake kunabwera njira zakuya. Felix Blaschke wa kampani ya Siemens ku Germany, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anaonetsa momwe tingalekanitsire magetsi opanga maginito ndi magetsi opanga mphamvu yokoka, kuti chilichonse chilamulidwe pachokha.

Tsono invata ili ngati dzanja lamphamvu. Imachita chimene yauzidwa. Funso ndi lakuti, ndani aziiuza kuti onjezera kapena chepetsa, ndipo ndi muyeso wanji? Mota ikulandira katundu wosinthasintha, ndipo liwiro lake likukwera ndi kutsika mofulumira kuposa momwe munthu angaonere. Pamafunika kachipangizo koganiza, kamene kaziyeza liwiro lenileni, kulifanizira ndi liwiro lofunika, ndi kutumiza lamulo.

Njira yakale ndiponso yofala kwambiri ndi imene mainjiniya amaitcha PID. Mmodzi wa amene anaiyala bwino ndi Nicolas Minorsky, m'chaka cha 1922, ataonetsetsa momwe amalinyero aluso ankagwirira chiongolero cha sitima zapamadzi za asilikali a America. Iye anaona kuti woongolera wabwino amasamala zinthu zitatu: kuti sitima yapatuka motani tsopano, kuti yakhala ikupatuka kwa nthawi yaitali bwanji, ndi kuti kupatukako kukukula kapena kukuchepa mofulumira bwanji. Chilichonse cha zitatuzi amachichulukitsa ndi nambala yake yokhazikika, n'kuphatikiza, ndipo chotuluka ndicho lamulo. Pa mamota, kawirikawiri amagwiritsa ntchito ziwiri zoyambazo, n'kumaitcha PI.

Njira imeneyi ndi yabwino, koma nambala zake zimasankhidwa poganiza kuti makinawo sasintha khalidwe. Mota ya induction imasintha. Ikatentha, timipiringidzo ta m'rotor timakaniza magetsi koposa. Kutentha kukakwera ndi madigiri 100, kukanizako kumakula ndi magawo pafupifupi 40 mwa 100. Chitsulo chakenso chili ndi malire a maginito amene chingasenze, ndipo chikafika pamalirepo sichimveranso monga poyamba. Katundu naye amasintha. Motero nambala zimene zinali zoyenera m'mawa mota ili yozizira ndi yopepukidwa zingakhale zosayenera masana itatentha ndi kulemedwa. Zikatero liwiro limapyola pofunika, kubwerera, kupyolanso, kapena limachedwa kufika. Pa makina okulunga nsalu kapena mapepala, kugwedezeka kotere kumadula katundu.

Pamenepa ndi pamene tiyenera kupita ku chigayo. Woyendetsa chigayo waluso sadziwa masamu a maginito, komabe sapsereza mota. Amamvetsera. Chigayo chikalira mopepuka, amatsegulako pang'ono kuti chimanga chilowe. Chikayamba kubuula, amachepetsa. Chikabuula kwambiri ndipo kulirako kukutsikabe, amatseka msangamsanga chisanatsamwe. Chikabuula koma kulira kwayamba kale kubwerera, amangochileka. Mukamufunsa kuti "pang'ono" ndi makilogalamu angati, sakuyankhani, koma dzanja lake silisokonezeka. Iye akulamula chimanga cholowa osati kugunda kwa magetsi, komabe kaganizidwe kake ndi kamene tikufuna. Nzeru zake zili m'malamulo a mawu, oyamba ndi "ngati" ndi kutha ndi "ndiye", ndipo m'kati mwake muli "pang'ono", "kwambiri" ndi "msanga". Kodi nzeru zotere zingalowe m'makina amene amangodziwa manambala?

Munthu amene anatsegula khomo limeneli ndi Lotfi Zadeh, wobadwira ku Baku m'chaka cha 1921, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Berkeley. Masamu akale amati chinthu chili m'gulu kapena sichilimo, palibe za pakati. Mu 1965 Zadeh analemba kuti magulu ambiri amene anthu amaganizira alibe mpanda wotero. Inu alimi mukudziwa mvula yochepa ndi mvula yambiri, koma palibe dontho limodzi limene likagwa mvula yochepa imasanduka yambiri. Imachoka m'gulu lina n'kulowa m'linzake pang'onopang'ono. Zadeh anati tipatse chinthu chilichonse muyeso wa umembala wake, kuyambira pa 0, kutanthauza kuti sichilimo konse, mpaka pa 1, kutanthauza kuti chilimo kwathunthu. Mvula ya tsiku lina ingakhale yambiri pa muyeso wa magawo 7 mwa 10, ndi yapakati pa magawo 3 mwa 10. Tisasokoneze zimenezi ndi kulosera. Sitikunena kuti mwina kugwa mvula. Mvula yagwa kale ndipo taiyeza bwinobwino. Chimene chilibe malire akuthwa ndi mawu amene tikuitchulira. Liwu la fuzzy likunena za malire osaoneka bwino amenewa.

Akatswiri ena otchuka a ku America, monga Rudolf Kalman, anawanyoza maganizowa nati ndi kuthawa masamu enieni. Amene anaonetsa kuti ndi aphindu ndi munthu wobadwira kwa anansi athu ku Tanzania m'chaka cha 1942, Ebrahim Mamdani, amene ankaphunzitsa pa koleji ya Queen Mary ku London. Iye ndi wophunzira wake Assilian anali ndi kainjini ka nthunzi koyeserera. Analemba malamulo a mawu onga amene munthu wozolowera kainjiniko angatsate, okhudza moto wa pansi pa thanki ndi chotsegulira nthunzi, nawaika m'kompyuta mwa njira ya Zadeh, ndipo kainjiniko kanayenda mokhazikika. Zotsatira zake anazifalitsa mu 1974 ndi 1975.

Kuchokera apo nzeruyi inalowa m'mafakitale. Ku Denmark, mainjiniya awiri a kampani ya F. L. Smidth, Holmblad ndi Østergaard, anaigwiritsa ntchito pa ng'anjo yootchera simenti, ntchito imene kale inkadalira diso la woyang'anira wozolowera, ndipo pofika mu 1982 anali atafotokoza poyera momwe anachitira. Ku Japan, mu 1987, sitima yapansi pa nthaka ya mumzinda wa Sendai inayamba kuyenda ndi chipangizo cha kampani ya Hitachi chimene chinkanyamutsa ndi kuimitsa sitima motsata malamulo otengedwa kwa madalaivala aluso. Pofika mu 1990 makampani a ku Japan anali kugulitsa makina ochapira zovala oyendera nzeru yomweyi. M'zaka zimenezo ndi pamene ofufuza ambiri anatembenukira ku mota ya induction.

Tiyeni tsono tione momwe ntchitoyi imayendera, ndipo ndikupemphani kuti mutsate manambala ochepa amene nditchule. Tinene kuti tili ndi mota ya mitu 4 yoyendetsa lamba wonyamula matumba, ndipo tikufuna kuti izungulire ka 1,200 pa mphindi. Matumba achuluka pa lamba, ndipo choyezera chikuonetsa 1,130. Mota yatsalira ndi 70.

Gawo loyamba ndi kusandutsa nambala imeneyi kukhala mawu. Tinene kuti tinagwirizana kale kuti kutsalira ndi 50 ndiko "pang'ono" kwenikweni, ndipo kutsalira ndi 100 ndiko "kwambiri" kwenikweni. Nambala yathu ya 70 ili pakati, koma yayandikira ku 50. Choncho ndi "pang'ono" pa magawo 6 mwa 10, ndiponso ndi "kwambiri" pa magawo 4 mwa 10.

Gawo lachiwiri ndi kufunsa malamulo. Lamulo lina likuti: ngati mota yatsalira pang'ono, ndiye onjezera Hertz 1. Linzake likuti: ngati yatsalira kwambiri, ndiye onjezera ma Hertz 3. M'kaganizidwe kakale tikanasankha lamulo limodzi n'kutaya linalo. Muno malamulo onse awiri amalankhula, koma lililonse limamveka molingana ndi kuona kwake, monga pabwalo la milandu pamene mawu a mboni imene inaona zambiri amalemera kuposa a imene inaona zochepa.

Gawo lachitatu ndi kubwerera ku nambala, pakuti invata siimva mawu. Timatenga magawo 6 mwa 10 a Hertz 1, ndiwo 0.6, ndi magawo 4 mwa 10 a ma Hertz 3, ndiwo 1.2. Tikaphatikiza tipeza 1.8. Invata ionjezera kugunda ndi muyeso umenewo, ndipo liwiro likwera ndi pafupifupi 54. Chotsalacho chikonzedwa pa kuyeza kotsatira. Manambalawa ndawakulitsa dala kuti amveke. M'makina enieni kuwerengaku kumabwerezedwa mazanamazana kapena zikwi pa sekondi iliyonse, ndipo sitepe iliyonse imakhala yaing'ono zedi. Chofunika kuona ndi chakuti kutsalira kukamakula kuchoka pa 50 kupita pa 100, yankho limakula mosalala, popanda kudumpha.

Monga woyendetsa chigayo uja, kachipangizo kabwino sikangoona kutsalira kokha. Kamaonanso kumene zinthu zikulowera. Ngati mota yatsalira kwambiri ndipo ikunkabe m'mbuyo, onjezera kwambiri. Ngati yatsalira pang'ono koma ikubwerera mofulumira, usaonjezere kanthu, kapena uyambe kuchepetsa kuti isapyole. Ofufuza ambiri amagawa kutsalira m'mawu 7, kuyambira pa kutsalira kwambiri, kudutsa pa kulingana, mpaka pa kupyola kwambiri, ndipo kusinthako amakugawanso m'mawu 7. Akaika zimenezi m'ndandanda amapeza malamulo 49. Ena sachotsa PI konse. Amangoika malamulo a fuzzy pamwamba pake kuti azisintha nambala zake pamene mota yatentha kapena katundu wasintha.

Palinso ntchito ina imene ikukhudza thumba la mwini makina. Mota yopepukidwa siifuna maginito onse amene imafuna itasenza katundu wodzaza, ndipo maginito osafunikawo amangotenthetsa chitsulo ndi mawaya. Mu 1995 Gilberto Sousa ndi Bimal Bose, pamodzi ndi mnzawo John Cleland, anafalitsa ku America njira yochepetsera kuwonongeka kumeneku. Liwiro likakhazikika, kachipangizo kamatsitsa maginito pang'ono n'kuyeza magetsi olowa. Akatsika kwambiri, kamapitiriza ndi sitepe yaikulu. Akatsika pang'ono, kamapitiriza ndi sitepe yaing'ono. Akayamba kukwera, kamabwerera. Ndi momwe inu mumasakira siteshoni pa wailesi yanu: mumapotokola kwambiri muli kutali, n'kumanyengerera mukayandikira. Katundu akangolemera, maginito amabwezeredwa msanga.

Koma tisatengeke ngati kuti tapeza mankhwala a nthenda zonse. Choyamba, kachipangizo ka fuzzy kamakhala kanzeru kufika pamene pafika nzeru za amene analemba malamulo ake. Lamulo lolakwika limatsatidwa mokhulupirika monga lolondola. Chachiwiri, pa njira ya PI pali masamu odziwika otsimikizira kuti makina sadzayamba kugwedezeka, pamene pa malamulo 49 chitsimikizo chotero n'chovuta kupeza, ndipo kawirikawiri pamafunika kuyesa kambirimbiri pa kompyuta ndi pa mota yeniyeni. N'chifukwa chake mainvata ambiri ogulitsidwa amadalirabe PI, ndipo fuzzy logic imapeza malo ake makamaka pamene katundu ndi wosinthasintha ndipo masamu a makinawo ndi ovuta kulemba.

Chachitatu, si ntchito iliyonse imene imapindula ndi kuchepetsa liwiro. Nyundo za chigayo zimafuna liwiro lake lonse kuti ufa usalale. Pamenepo chofunika kulamula ndi kamota kolowetsa chimanga, ngati kalipo. Ndiponso kupulumutsa theka la magetsi kuja sikuchitika pamene madzi akukwezedwa phiri. Madzi a mumzinda wa Blantyre ochokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry amakwera mamita mazanamazana asanafike m'mathanki. Pampu yokweza madzi motero ikachepetsedwa liwiro mopyola muyeso, madzi amangoima m'paipi, magetsi akudyedwa. Pamalo otere injiniya amayenera kuwerengera mosamala asanagule chipangizo.

Kwa inu amene muli ndi mota kapena mukulingalira zogula invata, kaya ya pampu yoyendera dzuwa kaya ya makina a pa shopu, sungani mfundo izi. Werengani kachitsulo ka pa mota, ndipo invata ikhale yolingana ndi magetsi olembedwa pamenepo. Kumbukirani kuti mota zambiri zimadziziziritsa ndi chopemerera chomangidwa pa shafiti yake. Ikayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali itasenza katundu wolemera, mphepo imachepa ndipo makoyilo angapse. Invata ikhale pamalo opanda fumbi ndi chinyezi, odutsa mphepo. Koposa zonse, m'kati mwake mumatsala magetsi oopsa kwa mphindi zingapo ngakhale mutazimitsa, choncho ntchito yoitsegula isiyireni mmisiri wophunzira.

Pomaliza, mawu anga apite kwa achinyamata amene akuphunzira za magetsi m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu, ndiponso pa yunivesite ya MUBAS imene kale inali Polytechnic. Tizipangizo towerengera timene tingasenze malamulo 49 masiku ano ndi tating'ono ndiponso totsika mtengo, ndipo masamu ake mwawamva nokha kuti ndi kuchulukitsa ndi kuphatikiza. Chosowa ndi malamulo abwino. Mamdani, anthu a ku Denmark ndi a ku Sendai anawatenga kwa anthu ogwira ntchito, ndipo ife anthu otero tili nawo: oyendetsa zigayo, oyang'anira mapampu, ndi owumitsa tiyi amene agwira ntchito zaka makumi. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma mawu amene sanalembedwe amapita ndi mwini wake. Mukapita kukaphunzira ntchito m'fakitale, khalani pafupi ndi bambo wokalamba amene amadziwa makina ndi khutu. Mufunseni mwaulemu kuti amachita chiyani makina akalira mwakuti, ndipo lembani yankho lake monga walinenera, ndi "pang'ono" wake ndi "kwambiri" wake. Kenaka yezani kuti "pang'ono" ameneyo ndi nambala yanji. Mukatero mwagwira kale theka la ntchito.